Phazi Lozizira la Amayi Maria

Masiku ano ndikapita ku yunivesite kuja, alonda amandiimitsa pa geti n'kundifunsa kuti ndikufuna yani. Ine! Ine amene ndinali bwana wa geti limenelo likadali paipi imodzi yomangidwa ndi tcheni. Ndimangoseka n'kuwauza kuti ndikupita ku tchalitchi, iwo n'kumandilozera njira ngati mlendo.

Nthawi imene ndikunenayi sukulu inali idakali yaing'ono. Makalasi anali m'nyumba yakale ya ansembe, yonunkhira polishi ndi makandulo, ndipo magetsi akazima tinkadziwa amene watukwana mu laibulale chifukwa tinkadziwana mawu. Ophunzira ankanditchula kuti a Sajeni, poti ndinagwirapo ntchito ya upolisi. Amene anandibweretsa pamalopo anali wansembe amene anayambitsa sukuluyo, nkhalamba yoonda imene tonse tinkaitchula kuti Bambo Njinga, poti kulikonse inkapita pa njinga. Galimoto anali nayo, koma ankati imamwa fizi ya ana. Mwamuna wanga atamwalira, iwo ndi amene anandiuza kuti, "Mayi, kulira n'kwabwino, koma sikulipira lendi. Bwerani mudzandilondere ana anga."

Utsogoleri wa sukulu Bambo anali atautula kale. Maepiskopi anabweretsa Pulofesa, munthu wa tayi ndi malamulo, kuti aongole chuma, ndipo Bambo anangotsala wansembe wa ophunzira.

M'tchalitchi mwathu, kumanzere kwa guwa, munali chifanizo cha Amayi Maria, cha mtengo wakuda, chondifika pachifuwa. Anachisema bulaza wina amene anafa ali wosauka, koma atafa anthu a ndalama anayamba kulimbirana zosema zake. Ophunzira athu analibe nazo ntchito zimenezo. Iwo ankangodziwa phazi. Mayeso akafika, aliyense, Mkatolika, wa mpingo wina, ngakhale aja otsutsa kuti kulibe Mulungu, ankazemba n'kukagwira phazi lamanja la Amayi. Linasalala mpaka kulowa mkati ngati supuni.

Kwa inu amene simupemphera nafe: Pasaka akayandikira timaphimba zifanizo zonse za m'tchalitchi ndi nsalu yapepo kwa masabata awiri, n'kudzazivundukula Loweruka Loyera. Chaka china, Loweruka limenelo masana, ndinaona chimene ndinali ndisanaonepo, Asisteri osunga makiyi a tchalitchi akuthamanga.

"A Sajeni," anatero ali wefuwefu. "Amayi achepa!"

* * *

Anachepadi. Pamalo pa chifanizo chathu panali bokosi la makandulo, pamwamba pake kachifanizo ka pulasitala, kaja kopezeka m'sitolo iliyonse ya makorona. Wina anakakulunga bulangete mpaka m'khosi kuti kanenepe, n'kumanga ndi mphira wa chubu. Kunja kunkangooneka kamutu ndi timapazi. Ukaphimba nsalu sukanadziwa kuti pasintha kanthu.

"Dzulo pomwe ndinapukuta pansi apa," Asisteri ankabwereza, korona ili m'manja. "Nsalu inali chilili. Ine sindisuzumira pansi pa nsalu, a Sajeni. Si ulemu."

"Makiyi munapatsapo ndani?"

Anayang'ana pansi. "Mkuzamawu. Dzulo, kuti abweze zovala za sewero la Njira ya Mtanda."

Pulofesa anali atafika kale kumbuyo kwathu, ndipo anamva. Anavula magalasi, n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Pasapezeke wokhudza chilichonse. Lachiwiri komiti yosungitsa mwambo ikumana. Mnyamata ameneyo achoka pano, ndipo apolisi akamudikira kunja kwa geti."

Mkuzamawu anali mtsogoleri wa bungwe la ophunzira, wa chaka chomaliza, atangotsala ndi pepala limodzi kuti amalize digiri. Ine sindinkamukonda, ndisaname. Mwezi wapitawo sukulu italetsa onse osamaliza fizi kulemba mayeso, iye anakwera pa tebulo mu kafiteriya n'kukuwa kuti, "Ngati sukulu ilibe ndalama, igulitse oyera ake!" Anthu onse anamva. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kuwonjezera apo, Lachisanu Loyera anthu anamuona akutuluka m'tchalitchi atasenza chithumba, ndipo m'sewero muja iye ndi amene anali mbala ya kumanzere, ija yosalapa.

* * *

Ndinamuitanitsa ku ofesi yanga. Analowa chibakera chili m'mwamba.

"Mayi Sajeni, uku ndi kupondereza ufulu wa ophunzira! Mbiri idzatiweruza!"

"Khala pansi iwe. Pano si pa tebulo la ku kafiteriya. M'thumba muja munali chiyani?"

"Masipika a bungwe. Tinabwereka a kwaya. Ali pansi pa bedi langa, kaoneni."

"Ndaona kale. Masipika saletsa munthu kuyenda kawiri. Unati agulitse oyera?"

"Amenewo anali mawu a ndale, mayi! Munthu sangalankhulenso mophiphiritsa?"

"Kaphiphiritse pamaso pa woweruza."

Apo chibakera chinatsika. Ndinaona koyamba kuti kolala ya malaya ake inali yotembenuza, yosokedwa ndi manja. Atalankhulanso, mawu anali aang'ono ngati si ake.

"Amayi anga amagulitsa zovala pamsika. Anasoketsa kale diresi la tsiku lolandira digiri, lili m'sutikesi. Ndikawauza chiyani, a Sajeni? Inenso ndinali m'gulu loletsedwa mayeso. Titamva kuti atilola, ndinapita kukagwada pomwepo, pa nsalu yomwe ija. Ndingabe bwanji?"

Pa ntchito ya upolisi ndinamva misozi yambiri yabodza. Iyi sinkamveka choncho, koma kumveka si umboni.

* * *

Umboni unabwera wokha Lamulungu la Pasaka, Misa itatha. Mtsikana wina wophunzira unamwino ananditsatira mpaka pa mpopi wa kuseri kwa tchalitchi, akupotokola mpango m'manja.

"A Sajeni, pepani, mwina si kanthu. Musandiseke."

"Lankhula, mwana wanga, ndilibe mano osekera."

"Tsiku loyamba la mayeso ndinalowetsa dzanja pansi pa nsalu. Ndikudziwa kuti Asisteri amaletsa, koma ndinali ndi mantha. Ndiye phazi lija..." Anandiyandikira. "Linali lozizira. Laling'ono, lokhakhala, lozizira zedi. Phazi la Amayi silizizira, a Sajeni, mtengo uja umakhala wofunda ngati munthu. Ndinaganiza kuti andikana chifukwa cha machimo anga. Ndinalemba pepala lonse ndikulira."

"Mayeso anayamba liti?"

"Kutatsala sabata imodzi kuti tilowe Sabata Loyera."

Tonse tinkafunsana za Lachisanu, za makiyi ndi thumba, chonsecho Amayi anali atachoka kalekale. Wakubayo ankadziwa kuti nsalu ikagwa palibe Mkatolika wolongosoka angasuzumire mpaka Pasaka. Nsaluyo ndi imene inamulondera.

Ndinathamangira kwa Pulofesa. Anamvetsera bwinobwino, n'kugwedeza mutu.

"Mwagwira ntchito, mayi. Ndiye kuti mnyamatayo anaba msanga kuposa mmene timaganizira. Ngati si iye, ndibweretsereni wina Lachiwiri lisanafike."

* * *

Bwana wanga wakale ku polisi ankati katundu akasowa usatope n'kufuna katunduyo, funa amene wanenepa mwadzidzidzi. Ndinayang'ana sukulu yonse. Aphunzitsi anali owuma ngati kale, ophika chimodzimodzi. Malo amodzi okha ndi amene ananenepa mwezi umenewo, ku ofesi ya zachuma.

Msungichuma wathu tinkamutchula kuti a Palibe, chifukwa ngakhale ukapita kukawapatsa moni ankayamba ndi mawu amenewo. Ndinawapeza kunyumba kwawo Lolemba m'mawa akumata nsapato ndi guluu.

"Ana oletsedwa mayeso aja munawalola bwanji?"

"Anawalipirira wakufuna kwabwino."

"Ndani?"

"Palibe."

"A Palibe, ndalama sizigwa ngati mvula. Dzina lake?"

"Dzina palibe, mayi. Zinangolowa ku banki, ndi uthenga wakuti ana onse alembe, pasatsale ndi mmodzi yemwe. Ine ndalama zikamalowa sindizifunsa kwawo. Ndimazifunsa zikamatuluka."

"Zinalowa liti?"

Anakanikiza nsapato ija ndi chala, akuganiza. "Sabata imene Asisteri anaphimba oyera. Ndikukumbuka chifukwa ndinapita kukathokoza, n'kupeza onse afunda." Kenako anatsitsa mawu. "Pulofesa anauza maepiskopi kuti ndi zipatso za maulendo awo opempha thandizo. Mwina akukhulupiriradi choncho. Ine sinditsutsa abwana, ndili ndi ana."

Kuchoka apo ndinapita pa geti, kwa mlonda wanga wamkulu, a Chipewa, amene chipewa chawo sichinkachoka kumutu ngakhale pa maliro.

"Sabata imene anaphimba oyera, ndi galimoto iti inatuluka osasechedwa?"

"Iii, bwana! Ife timasecha iliyonse. Ngakhale ya Pulofesa timatsegula kumbuyo."

"Iliyonse?"

"Iliyonse, bwana. Kupatula imene akweramo Bambo. Wansembe ungamuseche? Ukufuna dzanja liume?"

"Ndiye Bambo anakwera iti?"

"Kaveni koyera kaja, kodzatenga limba lakale la m'tchalitchi kuti akalikonze. Anyamata awiri ananyamula, Bambo anakhala kutsogolo. Anandidalitsanso pa windo."

Limba lakale lija ndinali nditaliona Loweruka lomwelo, pakona yake ya masiku onse, mbewa zikuberekeramo.

* * *

Ndinapempha makiyi kwa Asisteri n'kudzitsekera m'tchalitchi. Dzuwa linkalowa pa mawindo a mitundumitundu n'kugwera pa mabenchi, ndipo fungo la lubani wa dzulo linali lisanathe. Ndinamasula mphira uja. Unali wa chubu cha njinga. Maso anga anali ataona zimenezo Loweruka, koma mtima unakana.

Bulangete litagwa ndinaona dzanja lamanzere la kachifanizo kaja. Linali lomata pamkono, guluu wachikasu atatuluka m'mbali, ntchito ya munthu wosadziwa kumata.

Munthu wosadziwa kumatayo ndinali ine. Mwamuna wanga akudwala matenda ake omaliza, Bambo anachotsa kachifanizo kameneka kuchipinda kwawo n'kudzakaika pa windo lathu. Mwana wanga wamkazi anakagwetsa potsegula katani. Ndinakamata usiku ndi manyazi, ndipo pokabweza, maliro atatha, Bambo anangoti, "Musadandaule, Amayi anazolowera kuthyoledwa ndi ana."

Ndinakhala pa benchi. Khoswe anali atakhala pa mkhate. Dzanja limenelo palibe wina aliyense pa sukulu ponse amene akanalizindikira, ndipo a Chipewa sakanalumikiza kaveni ndi chilichonse mpaka tsiku lachiweruzo. Ndikanatha kumanganso bulangete, kubweza makiyi, n'kupita kunyumba. Mbali imodzi kunali munthu amene anandiika pa ntchito n'kundiikira mwamuna wanga m'manda. Mbali ina kunali mnyamata wamwano amene ankanditchula kuti galu wa akuluakulu. Koma diresi lija la m'sutikesi linkangondibwerera m'maso.

Ndinalira pang'ono, kenako ndinapita kukakwera basi.

* * *

Bambo anali m'chipatala. Chibayo chinawagwetsa Sabata Loyera lisanayambe, ndipo Misa zonse za Pasaka anatichitira wansembe wobwereka. Adokotala analetsa kuwauza nkhani zodetsa nkhawa, ndiye palibe amene anawauza kanthu. Ndinawapeza atatsamira mapilo, diripi ili pamkono, akukangana ndi namwino za phala lopanda shuga.

Atandiona anasiya mkangano. Anandiyang'ana nkhope, kenako manja.

"Nsalu achotsa?"

"Achotsa, Bambo."

"Nanga unyolo mwausiya kuti?"

Ndinakhala pa mpando. Mawu onse amene ndinakonza m'basi anathawa. "Bwanji simunapemphe?"

"Ndinapempha, mayi. Pulofesa anati malamulo. A Palibe anati palibe. Ambuye Episkopi anati tipemphere. Ndinapempheradi, ndipo ndikupemphera maso anga anagwera pa mtengo uja." Anatsokomola kwa nthawi. "Musamuone Pulofesa ngati munthu woipa. Ine ndinamanga sukulu ndi mtima, n'kumusiyira mabowo. Iye akutseka mabowo anga. Koma ana aja akanabwerera kwawo chimanjamanja, ena atatsala pang'ono kumaliza. Ndinati alembe kaye, Loweruka Loyera ndidzaime ndekha pamaso pa onse nsalu isanachoke. Chifuwachi chinandipitirira."

"Chifanizo si chanu, Bambo."

"Si changa. Ndinaba. Musandichepetsere mawuwo, ndine wamkulu."

"Nanga kachifanizo munasiya kaja? Mukanaika chipika, ine sindikanakupezani mpaka kalekale."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana mu Misa. "Chipika? Ana anga agwadire chipika masabata awiri, ine wansembe ndikudziwa? Ayi, mayi. Ndinawasiyira Amayi awo omwewo. Mako ndi mako angachepe mwendo."

Ndinaseka misozi ili m'maso. Kenako ndinawauza chimene adokotala analetsa: za Mkuzamawu, za thumba, za komiti ya mawa, za apolisi kunja kwa geti, ndi za diresi la m'sutikesi.

Nkhope yawo inasintha. Sindinawaonepo akuchita mantha, ngakhale chaka chimene denga la holo linagwa, koma tsiku limenelo mantha anawagwira.

"Mwana uja wagona masiku onsewa akutchedwa mbala chifukwa cha ine?"

"Inde, Bambo."

Anakankha bulangete n'kutsitsa miyendo yawo yoondayo pansi. "Namwino! Chotsani chingwechi. A Sajeni, nsapato zanga zili kuti?"

* * *

Adokotala anawagwira mpaka m'mawa, koma Lachiwiri tinalowa m'chipinda cha komiti Bambo atatsamira paphewa langa, jekete pamwamba pa zovala za kuchipatala. Mkuzamawu anali ataima kumapeto kwa tebulo, ndipo Pulofesa anali pakati powerenga mlandu.

Bambo sanachulutse mawu. Anatchula kaveni, wogula, ndi kumene ndalama zinapita. Asisteri anagwira pakamwa. A Palibe anayang'ana kudenga ngati kwalembedwa kanthu. Pulofesa anavula magalasi, koma ulendo uno sanawapukute, anangowagwira.

"Bambo," anatero pamapeto pake, "mukudziwa kuti ndiyenera kuuza maepiskopi?"

"Mukapanda kuwauza ndikakunenezani."

Pulofesa anatembenukira kwa mnyamata uja. Ndimawapatsa ulemu pa chinthu chimodzi ichi mpaka lero: anaimirira. "Ndinakulakwira. Pepa. Pita ukawerenge."

Koma Mkuzamawu sanasunthe. Munthu amene pakamwa pake sipankatsekeka anangoti kukamwa yasa. Kenako anati, "Ndiye kuti fizi yanga ija..."

"Inde, mwana wanga," anatero Bambo. "Iwe unanena uli pa tebulo kuti tigulitse oyera. Ine ndinali pakhomo, ndinamva. Uzisamala polankhula, nkhalamba zina zimamvera."

Mnyamata uja anagwada pansi pomwepo, pamaso pa komiti yonse, n'kugwira mwendo wa thalauzi la Bambo. Analira mokweza, monga mmene ankachitira chilichonse.

Maepiskopi sanapite ku polisi. Anati Bambo atopa, akapume ku nyumba ya ansembe okalamba, kutali kwambiri ndi ife. Tonse tinadziwa tanthauzo la kupuma kumeneko. Chifanizo sichinabwerere, wogulayo anali atachitumiza kale kunja.

Tsiku lonyamuka ndinawanyamulira chikwama mpaka pa geti. Chinali chopepuka moti ndinachita manyazi. Ophunzira anadzaza msewu, a Chipewa anavula chipewa, ndipo ndi tsiku limenelo tinadziwa kuti ali ndi dazi.

"Bambo, mwandikwiyira?" ndinafunsa.

"Mukanakhala chete, mwana uja n'kuchotsedwa, ndikanakuchotsani ntchito."

"Mphamvu imeneyo mulibenso."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Njinga ija ndakusiyirani. Tcheni chimagwa mukamakwera mtunda, muzichinyengerera."

Ndinawauza za kachifanizo kawo, kuti tikakulunge apite nako. Anakana. Anati kumene akupitako kuli nkhalamba zokhazokha, zilibe mayeso.

Sanafike pa tsiku lolandira digiri. Tinawaika m'manda mvula isanayambe, ndipo Mkuzamawu ananyamula nawo bokosi. Patapita masabata ochepa, pa mwambo wa madigiri, ndinaona mayi wina wamfupi m'holo, atavala diresi lobiriwira lokhala ndi mizere ya m'sutikesi, akululutira mpaka mawu kutha. Sindinafunse kuti ndi mayi a ndani.

Lero sukulu ija yakula, ili ndi nyumba zosanja ndi makamera pa geti. M'tchalitchi anasintha mabenchi, anagula limba lamagetsi, koma kumanzere kwa guwa kukadali kachifanizo ka pulasitala ka dzanja lomata molakwika. Ana a masiku ano sadziwa kuti panali china. Penti wa pa phazi lamanja anatha kalekale, ndipo pulasitala wayamba kulowa mkati.

Ndikafika ndimadikira kuti anthu atuluke, kenako ndimaligwira. Ikakhala nyengo ya mayeso ndimalipeza lofunda.